Nthaka Ikasamuka, Mlandu Umagwera Mbewu: Phunziro la ku Gaborone

Aliyense amene wagulitsapo mbewu kwa nyengo ziwiri kapena zitatu amaudziwa mlandu uwu. Umafika chakumapeto kwa Disembala, mvula itagwa kale kangapo. Mlimi amatsamiritsa njinga pakhonde n'kulowa m'sitolo atagwira paketi yopanda kanthu ya mbewu imene anagula mwezi wapitawo. Moni amapereka ndithu, koma nkhope imakhala itanena kale zonse. "Bambo, mbewu munandigulitsa ija yandigwiritsa fuwa lamoto. Yamera mwa apo ndi apo, theka la munda lili mbee!"

Wogulitsa amatembenuza paketiyo n'kuona kuti chizindikiro chilipo, mbewu ndi yovomerezeka, inayesedwa kameredwe, ndipo iye mwini anaisunga pouma. Tisabise mawu, nthawi zina mlimi amakhala akunena zoona, pakuti chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto chikupezekabe m'misika yathu. Koma ilipo milandu ina yambiri imene imatha munthu akangofika kumundako n'kufukula phando ndi chala. Pena amapeza njere zitakokoloka n'kukaunjikana kumunsi kwa munda. Pena zakwiririka ndi matope akuya. Pena mbewu inamera bwinobwino, koma m'mera unapindika pansi pa dothi lolimba, osatha kuboola.

Mbewu yonse imene timachulukitsa ndi kugulitsa imakagona m'masentimita 5 apamwamba a nthaka, ndipo masentimita omwewo ndiwo amene madzi ndi mphepo zimayamba kunyamula. Choncho wogulitsa mbewu amene sadziwa mmene dothi limasamukira amalipira mlandu wa mwini wake. Pofuna kumvetsa bwino nkhaniyi, tiyeni tipite ku Gaborone, likulu la dziko la Botswana, kumenenso kuli likulu la SADC ndi bungwe la CCARDESA, logwirizanitsa kafukufuku wa zaulimi kum'mwera kwa Africa.

Mzindawu umalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 500 pachaka, pamene Lilongwe imalandira oposa 800. Wina angaganize kuti kumene mvula ili yochepa, kukokoloka kwa nthaka nakonso n'kochepa. Sizili choncho. Kumalo otere udzu sukwanira kuphimba nthaka chaka chonse, koma mvula ikati ibwere imabwera yamkuntho, n'kupeza dothi lili pamtunda. M'chilimwe mphepo imatenga zimene madzi anasiya. Ku Gaborone mphamvu ziwirizi zimagwira ntchito poyera, ndipo munthu amatha kuzitsatira kuyambira pa thanthwe mpaka pa phando.

Pamwamba pa Kgale

Kum'mwera chakumadzulo kwa mzindawu, m'mbali mwa msewu wopita ku Lobatse, kuli phiri la Kgale, lomwe nsonga yake ili pa mamita 1,287 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Anthu a mumzinda amalikwera m'mamawa powongola miyendo, anyani akuwaperekeza ndi maso. Mwala wa phirili ndi granite, ndipo akatswiri a miyala anapeza kuti unapangika zaka zoposa 2.7 biliyoni zapitazo. Poyerekeza ndi Kgale, phiri lathu la Mulanje, lomwe miyala yake ili ndi zaka pafupifupi 130 miliyoni, ndi mwana wadzulodzulo.

Wokwera phirili amaona miyala ikuluikulu yobulungira ngati maungu, yosanjikizana ngati pali amene anaiika. Palibe anaisema. Masana dzuwa limatenthetsa thanthwe, usiku thanthwelo limazizira, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Gaborone kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu. Kutentha ndi kuzizira kosinthanaku kumakulitsa ming'alu, ndipo khungu la thanthwe limasendeka m'magawomagawo monga anyezi. Madzi a mvula, omwe amakhala ndi asidi pang'ono wochokera mumpweya ndi m'masamba owola, amalowa m'ming'alumo n'kumadya mwala, kuyambira m'makona. Mizu ya mitengo nayo imalowa momwemo n'kumakankha. Pakapita zaka zikwizikwi, mwala wamakona umasanduka wobulungira.

Chofunika kwa mlimi ndi chimene chimatuluka m'kuphwanyikaku. M'mwala wa granite muli timiyala totchedwa feldspar, tomwe madzi amatisandutsa dongo, komanso quartz, yemwe sasungunuka koma amatsala ngati mchenga. Madzi akamatsika phiri amasankhula ziwirizi. Mchenga, poti ngolemera, umagwa msanga m'munsi mwa phiri ndi m'mitsinje, pamene dongo limayandama mpaka kumadambo akutali. N'chifukwa chake mitsinje ngati Metsimotlhabe imakhala youma miyezi yambiri, yodzaza mchenga umene omanga nyumba amautapa ndi malole, ndipo minda yambiri yozungulira Gaborone ili ndi dothi lamchenga losakanikirana ndi dongo lochepa.

Apa pakuoneka kuti kukumbika ndi kusamuka kwa dothi ndi ntchito yakalekale ya chilengedwe, ndipo ndiyo inatipatsa minda. Chonde cha m'madimba a ku Chikwawa ndi Nsanje chinachokera kumapiri. Vuto lagona pa liwiro. Bungwe la FAO limanena kuti masentimita 2 kapena 3 a nthaka angatenge zaka zofika 1,000 kuti apangike. Munda wosaphimbidwa wa pamtsetse ungataye omwewo mwini wake asanakalambe.

Dontho la mvula ndi nkhoko za m'munda

Kukokoloka kumayamba madzi asanayambe n'kuyenda komwe. Dontho lalikulu la mvula limafika pansi pa liwiro la mamita pafupifupi 9 pa sekondi. Likamenya dothi lopanda chophimba, limaphwanya timibulu ta nthaka n'kumwaza tizidutswa uku ndi uku. Umboni wake tonse timaudziwa: ndi matope aja amathimbirira m'munsi mwa khoma la nyumba yopanda khonde. Tizidutswa tosalala kwambiri timatseka timabowo tomwe madzi amalowera pansi. Dzuwa likawomba, pamwamba pa munda pamauma n'kulimba ngati nkhoko za mumphika wa nsima.

Dothi la kum'mawa kwa Botswana limapanga nkhoko zimenezi mosavuta, chifukwa lili ndi manyowa achilengedwe ochepa omangirira timibulu take. Mbewu yaikulu ya dzikolo ndi mapira, omwe eni ake amawatcha mabele, ndipo njere ya mapira ndi yaing'ono, mphamvu zake zobowolera n'zochepa. Kwa nthawi yaitali alimi a kumeneko, m'minda yawo yotchedwa masimo, ankawaza mbewu ndi manja kenako n'kuikwirira ndi pulawo. Njere zina zinkagwera pakuya kwambiri, zina pamtunda, ndipo mvula yamphamvu ikagwa mbewu isanatuluke, munda unkamera mwa apo ndi apo monga wa mlimi wathu uja.

Ku Sebele, kumpoto kwa mzindawu, kumene kuli malo a boma ofufuzira zaulimi, nthambi yochulukitsa mbewu, komanso yunivesite ya zaulimi ya BUAN, akatswiri akhala akulimbana ndi vuto la kameredwe kwa zaka zambiri. Ndondomeko ya boma yothandiza alimi ya ISPAAD, yomwe inayamba mu 2008 ndipo pambuyo pake inalowedwa m'malo ndi Temo Letlotlo, inkapereka mbewu ndi kulipirira kugaula, komanso inkalimbikitsa kubzala m'mizere. Anthu a ku Botswana anaona kuti kugawa mbewu yabwino pakokha sikudzaza nkhokwe ngati njere sizigona pakuya koyenera, m'dothi lolola madzi kulowa.

Madzi olephera kulowa pansi amayamba ulendo. Poyamba amayenda mofalikira, n'kumasenga dothi lopyapyala ngati pepala, moti mlimi saona kanthu. Chizindikiro chake ndi timiyala totsala titakhala pa timipando ta dothi, ndi mizu ya chimanga yoonekera pamtunda. Kenako madziwo amasonkhana m'tingalande, ndipo tingalandeto tikalekereredwa timasanduka zigwembe. Liwiro la madzi likawonjezeka kawiri, mphamvu yake imawonjezeka kanayi, motero mtsetse wautali wopanda chotchinga ndi woopsa ngakhale ukhale wosatsetsereka kwambiri. Zigwembe zambiri zimayambira pa njira ya ng'ombe yopita kumadzi, pa kanjira ka anthu, pa mzere wotsata mtsetse, kapena pamene ngalande ya msewu imalavulira madzi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: pamene adutsa chaka chino, adzadutsanso chaka chamawa, mokumba kwambiri.

Chilala, kenako chigumula

Ku Botswana mvula imatchedwa pula, ndipo dzina lomwelo ndi la ndalama yawo komanso mfuu yawo yamadalitso. Koma walira mvula walira matope, ndipo damu la Gaborone likuchitira umboni. Damuli linamangidwa pa mtsinje wa Notwane m'zaka za m'ma 1960, pamene likulu latsopano linkamangidwa dzikolo lisanalandire ufulu mu 1966. M'zaka za m'ma 1980 khoma lake linakwezedwa, ndipo likadzaza limasunga madzi okwana makiyubiki mita 141 miliyoni.

Chakumapeto kwa 2015, chilala chitavuta zaka zingapo, madzi otsala m'damumo sankakwana 2 peresenti, ndipo mzinda unkadalira madzi a m'mapaipi ochokera kumadamu akutali a kumpoto. Pansi pa damu panaonekera matope ouma ong'ambikang'ambika. Matope amenewo ndi dothi losalala la m'minda ndi m'mabusa a kumtunda kwa Notwane, cha ku Ramotswa ndi Otse, lomwe linasamuka mvula ndi mvula. Mu Febuluwale 2017 namondwe wa Dineo analowera ku Inhambane m'dziko la Mozambique, mvula yake inafika mpaka ku Botswana, ndipo m'milungu yowerengeka damu lija linadzaza mpaka kusefukira.

Zoterezi zinabwerezanso posachedwapa. Nyengo ya 2023/24 inali ya chilala choopsa cha El Niño m'chigawo chonse. Zambia inalengeza za tsokali mu Febuluwale 2024, Malawi inalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndipo Botswana nayo inalengeza chakacho kukhala cha chilala. Mu Febuluwale 2025 mvula yamphamvu inagwa ku Gaborone masiku otsatizana, mtsinje wa Segoditshane wodutsa mumzinda unasefukira, misewu inadzaza madzi, sukulu zinatsekedwa, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Madenga amalata, phula ndi simenti za mumzinda zimachita chimodzimodzi ndi nkhoko za m'munda: sizilola madzi kulowa pansi, zimangowathamangitsira kumtsinje.

Kwa nthaka, palibe ndondomeko yoipa kuposa chilala chotsatidwa ndi chigumula. Chilala chimapha udzu, ziweto zanjala zimadya mapesi onse n'kupondaponda dothi, ndipo mvula yoyamba imapeza munda uli wosavala. Makolo athu ankazidziwa izi, ndipo anazisunga m'mayina a mvula. Ikatha chizimalupsa, yozimitsa moto wa tchire, imabwera kokalupsa, yokokolola phulusa. Pamodzi ndi phulusalo pamapitanso dothi lapamwamba.

Mphepo ya mwezi wa Phatwe

Mwezi wa Ogasiti, womwe m'Chitswana umatchedwa Phatwe, umadziwika ku Gaborone ndi mphepo ndi fumbi. Gawo loposa magawo awiri mwa atatu a dziko la Botswana ndi lokutidwa ndi mchenga wa Kalahari, ndipo m'chilimwe minda imakhala yopanda kanthu. Mphepo imanyamula dothi m'njira zitatu. Mchenga wokhakhala umangogubuduzika pansi. Wapakatikati umadumphadumpha, ndipo ukatera umamenya unzake n'kuudzutsa. Fumbi losalala limakwera m'mwamba n'kupita kutali. Zigwa zamchere za Makgadikgadi, kumpoto kwa dzikolo, zili m'gulu la malo otulutsa fumbi lochuluka kwambiri kum'mwera kwa Africa, ndipo fumbi lake limaoneka ngakhale pa zithunzi za setilaiti.

Kwa mbewu, woopsa kwambiri ndi mchenga wodumpha uja, chifukwa wambiri umauluka mosapitirira masentimita 30 kuchokera pansi, pamsinkhu weniweni wa m'mera. Umakala masamba anthete ndi kupala tsinde, ndipo tizilombo toyambitsa matenda timalowera m'mabalamo. Pena umafukula njere, pena umakwirira mzere wonse. Kuwonjezera apo, mphepo imapeta munda monga mayi apetera mphale m'lichero: chopepuka chimauluka, cholemera chimatsala. Chopepukacho ndi dongo ndi manyowa, zomwe zimasunga chinyezi ndi chakudya cha mbewu. Chaka ndi chaka munda umanka nusanduka mchenga.

Kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo, m'boma la Kgalagadi, cha ku Bokspits, milu yamchenga yomwe udzu unaigwira kwa nthawi yaitali inayambanso kuyenda pamene ziweto zinachuluka mozungulira zitsime. Mwa mitengo imene inabzalidwa kumeneko kuti igwire mchenga ndi kupereka mthunzi munali Prosopis, wochokera ku America. Mtengowu unagwiradi mchenga, koma ziweto zinafalitsa njere zake, ndipo lero walanda mabusa ndi makwawa, ukumwa madzi apansi, moti anthu akuvutika kuuzula. Ife ogulitsa mbewu tisaiwale phunziro limeneli: chomera chilichonse chimene tikuuza mlimi kuti chiteteza nthaka, tiyambe tadziwa khalidwe lake pakapita zaka 20.

Kwathu kuno

Mphepo yopeta minda si ya ku Kalahari kokha. Aliyense amene anaonapo kavuluvulu wa mu Okutobala akuzungulira m'munda wotenthedwa ku Balaka, ku Chipata kapena ku Tete waona dothi likusamuka. Komabe kwathu kuno wakuba wamkulu ndi madzi, chifukwa mvula ndi yambiri ndipo minda yakwera m'mapiri. Kafukufuku amene boma la Malawi linachita mothandizana ndi FAO, UNDP ndi UNEP, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti mu 2014 dzikoli linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka, tikaphatikiza malo otaya kwambiri ndi otaya pang'ono.

Tiyeni tiwerengere m'chinenero cha m'sitolo. Matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Mlimi amabwera kudzagula matumba awiri kapena anayi a feteleza, pamene munda wake watumiza matumba mazanamazana kumtsinje, ndipo dothi lopitalo ndi lija losalala, lokhala ndi chonde chochuluka kuposa lotsala. Milimita imodzi ya dothi pa hekitala imalemera matani 13 mpaka 15, kotero matani 29 ndi mamilimita 2 okha, osaoneka ndi maso. Koma pa zaka 25 mamilimita amenewa amakwana masentimita 5, kuya komwe timauza alimi kuti abzalire chimanga.

Kumene dothilo limathera kumadziwika. Matope a mu Shire amadzaza madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira n'kuchepetsa magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri, ndipo matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, monganso zinachitikira ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Napolo wotere, wonga wa ku Zomba mu 1946 ndi wa ku Phalombe mu 1991, amakumbukika kwa mibadwo chifukwa amapha tsiku limodzi. Mamilimita 2 a pachaka aja sakhala ndi tsiku lowakumbukira, koma amafika pa munda wa pafupifupi kasitomala aliyense amene timamugulitsa mbewu.

Zimene zimayenda ndi dothi

Kwa alimi ochulukitsa mbewu nkhaniyi ili ndi mbali ina. Dothi silisamuka lokha. Madzi ochokera m'munda wa kumtunda amabwera ndi njere za udzu, tizilombo ta matenda a m'nthaka, ndi njere zotsalira za mbewu ya mnansi, zomwe zimadzamera pakati pa mbewu yanu. Oyendera minda ya mbewu akapeza zomera zachilendo zopitirira muyezo, munda umakanidwa, ndipo zokolola zomwe zikanagulidwa pamtengo wa mbewu zimagulidwa pamtengo wa chakudya. Timasamala kwambiri za mtunda wotalikitsa munda wathu ndi wa mnansi poopa mungu wouluka ndi mphepo. Tiyeneranso kufunsa kumene madzi olowa m'munda mwathu akuchokera.

Mlendo woipitsitsa ndi kaufiti. Chomera chimodzi chimabala njere masauzande ambirimbiri, zazing'ono ngati fumbi, zotha kudikira m'nthaka zaka zoposa 10. Zimayenda ndi madzi, mphepo, ziboda za ng'ombe ndi matope a pa pulawo, ndipo kaufiti amakondwa m'dothi loguga. Kukokoloka kumamuthandiza kawiri: kumamunyamula, n'kumukonzeranso malo. Botswana inapereka mphatso yaikulu pa nkhondoyi. Khobwe wamakolo wa kumeneko, wodziwika ndi nambala yakuti B301, anapezeka kuti amapirira kaufiti wogwira khobwe, wa mtundu wa Striga komanso wa Alectra, ndipo akatswiri a IITA anamugwiritsa ntchito popanga mitundu yatsopano.

Munda wokokoloka sukhalanso wofanana. Kumtunda mbewu imapinimbira, kumunsi imakula msanga. Kwa wochulukitsa chimanga cha haibulidi izi n'zoopsa, chifukwa mizere yaimuna iyenera kutulutsa mungu pa nthawi yomwe yaikazi yatulutsa ndevu. Kakulidwe kakasiyana, zisononkho zimakhala ndi magweru, ntchito yochotsa ngayaye imatalika, ndipo njere zimatuluka zazing'ono. Amene amachulukitsa mbewu mothirira m'chilimwe amaluzanso kachiwiri, pakuti matope ochoka m'munda amakadzaza damu lomwe akulidalira.

Zimene tingachite pa kauntala ndi m'munda

Njira zotetezera nthaka n'zodziwika, ndipo zonse zimachita chimodzi mwa zinthu ziwiri: kuphimba dothi kuti dontho ndi mphepo zisalimenye, kapena kuchepetsa liwiro la madzi. Kuphimbira ndi mapesi, ngakhale pa 30 peresenti yokha ya munda, kumachepetsa kukokoloka ndi pafupifupi theka. Akalozera, mizere yopingasa mtsetse, ngonyeka, maswale ndi maenje obzalamo zimagwira madzi kuti alowe pansi. Udzu wa vetiva umasefa matope, ndipo popeza mtundu umene timabzala umafalitsidwa ndi ziputu, osati njere, sulanda munda monga anachitira Prosopis. Msangu umayoyola masamba nthawi yamvula n'kutchinga mphepo m'chilimwe.

Kunena n'kosavuta, koma mapesi ali ndi eni ake ambiri. Ku Botswana ng'ombe zimalowa m'minda akangokolola. Kwathu kuno mapesi ndi nkhuni, ndi chakudya cha mbuzi, chiswe chimadyako, ndipo otsala amapsa ndi moto wa osaka mbewa. Wochulukitsa mbewu nayenso sangaphimbire ndi mapesi a mbewu yomweyo mwachisawawa, poopa matenda ndi zomera zotsalira, kotero kasinthasintha wa mbewu kwa iye ndi lamulo. Apa ndi pamene malonda athu angathandize. Nandolo amakhala wobiriwira m'munda chimanga chitakololedwa kale, ndipo mizu yake imaboola dothi lolimba la pansi pomwe khasu limalekezera. Khobwe woyanga, kalongonda ndi nkhungudzu zimaphimba nthaka msanga. Nandolo wobzalidwa pamodzi ndi mtedza amapatsa mlimi zokolola ziwiri n'kusiya chonde. Alimi ambiri amene alangizi awauza za mbewu zimenezi amazisowa pogula. Shelefu imene ili ndi chimanga chokhachokha ikutaya kasitomala, ikutayanso nthaka imene chimangacho chidzafune mawa.

Wogulitsa angadzitetezenso ndi zinthu zosalira ndalama. Mbewu ikangofika, tengani njere 100 pa gulu lililonse, zibzaleni mumchenga wonyowa, muwerenge zomera pakatha masiku 7, ndipo mulembe m'kaundula pamodzi ndi nambala ya gululo. Pogulitsa, funsani mafunso atatu. "Mayi, munda wanu uli pamtsetse kapena pachidikha? Dothi lake ndi lamchenga, katondo kapena makande? Nanga mapesi a chaka chatha munawatani?" Mayankho ake adzakuuzani ngati mlimiyo akufunika mbewu yocha msanga, ngati mapira kapena mchewere zingamuchitire bwino kuposa chimanga, ndiponso malangizo oti apite nawo. Mukumbutseni kuti chimanga chimabzalidwa pakuya masentimita 5, mapira 3 kapena 4, ndipo mchewere mosapitirira 3, komanso kuti nkhoko zikapangika mbewu isanatuluke aziphwanye mosamala dothi likadali lofewa.

Amene ali ndi munda wachitsanzo pafupi ndi sitolo asamangoonetsa mitundu ya mbewu yokha. Bzalani mtundu umodzi m'zigawo ziwiri, china chophimbira, china chosaphimbira, ndipo kumunsi kwa chilichonse mukumbe kadzenje kolandira madzi. Mvula ikagwa, alimi adzaona okha kadzenje kamene kadzaza matope. Chimene maso aona, mtima suiwala.

Mbewu imadutsa malire

Malamulo ogwirizana a mbewu a SADC amalola kuti mtundu wovomerezedwa m'maiko awiri a m'chigawochi ulembedwe m'kaundula wa chigawo chonse n'kugulitsidwa m'maiko enanso. Kuyenda kwa mbewu sikunayambe lero. Mapira otchedwa Macia ku Mozambique ndi Zimbabwe ndi omwewo amene ku Botswana amatchedwa Phofu, ndipo anachokera m'ntchito ya SADC ndi ICRISAT yomwe inali ku Matopos, pafupi ndi Bulawayo. Alimi a ku Botswana amasungabe Segaolane wawo, monga a m'chigwa cha Shire amadziwira Pilira 1 ndi Pilira 2. Paketi ingachoke ku Lusaka n'kukatsekulidwa ku Lichinga kapena ku Mochudi, koma kameredwe kolembedwa pa chizindikiro kanayesedwa m'chipinda chofufuzira, momwe mulibe mvula yamkuntho kapena mchenga wouluka. Chimene chidzachitike kumunda chimadalira masentimita 5 aja.

Tsono mlimi uja akadzatsamiritsanso njinga pakhonde, musathamangire kumuonetsa chizindikiro cha pa paketi, ndipo musathamangirenso kubweza ndalama. Tulutsani kaundula wa njere 100 zija, kenako munene kuti, "Bambo, tiyeni tikaone kumundako." Mukafika, fukulani mapando khumi, muyang'ane kumunsi kwa munda, mugogode dothi ndi chala. Ngati vuto ndi mbewu, vomerezani, mum'bwezere, ndipo mudziwitse amene anakupatsani katunduyo. Ngati vuto ndi nthaka, muonetseni pamene madzi analowera ndi pamene anatulukira, ndipo mugwirizane pomwe kalozera woyamba adzadutse chilimwe chikubwerachi. M'mera mpoyamba, ndipo mlimi amene mbewu yake yamera bwino amabweranso ku sitolo yomweyo, atatenga ndi mnansi wake.